Ngongole ndilipira, koma nambala yanga si chikole

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera patsamba lanu lino ndi khalidwe la kampani ina ya mafoni a m'manja kuno ku England, imene antchito ake akuuza anthu mopanda manyazi kuti munthu akachoka kontrakiti isanathe, nambala yake imathera pomwepo. Bodza limeneli anandiuza pamaso mwezi wathawu m'shopu yawo ya mumzinda wa Leeds, ndipo chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti Amalawi ambiri amene abwera kuno kudzagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba angathe kulikhulupirira n'kupitiriza kulipira mwezi ndi mwezi netiweki imene sikuwathandiza.

Ine kuntchito anandisamutsira ku nyumba yosamalira okalamba ili kunja kwa mzinda, kudera kumene netiweki ya kampaniyi imagwira pokhapokha munthu ukaima pawindo la kukhitchini, dzanja lili m'mwamba. Aliyense wogwira ntchito ya mashifiti akudziwa kuti foni ndiyo imatidyetsa, chifukwa bwana akafuna munthu wogwirira mnzake usiku amaimba kamodzi, akakusowa amaimbira wina, ndipo ndalama ya shifitiyo yapita. Ndinafotokoza zimenezi mwaulemu, ndi kunena kuti ndikufuna kupita ku kampani ina koma ndi nambala yanga yomweyi. Mnyamata amene anandilandira anayang'ana pakompyuta kwa nthawi, kenaka anati kontrakiti yanga ya miyezi 24 sinathe, choncho ndikachoka nambala ibwerera kwa iwo. Asanamalize n'komwe kulankhula anali atatsegula kabati ndi kutulutsa foni yatsopano yonyezimira, n'kunena kuti njira yabwino ndi kusaina kontrakiti ina. Munthu wadandaula kuti netiweki yanu sifika kumene amagwira ntchito, inu mankhwala ake n'kukhala foni ina pa netiweki yomweyo, ndi miyezi ina 24 pamwamba. Nzeru zoterezi ziyenera kuti zili ndi sukulu yake yapadera, ndipo ndikuyamikira aphunzitsi ake chifukwa wophunzira wawo sanaphethire n'komwe.

Koma dziko lino lili ndi malamulo, ndipo sanalembedwe m'kabati ya shopu. Kuyambira pa 1 July 2019, bungwe la Ofcom, lomwe limayang'anira makampani a mafoni ku Britain, linalamula kuti munthu wofuna kusamuka ndi nambala yake angotumiza uthenga waulere wa mawu akuti PAC ku nambala ya 65075. Kampani iyenera kuyankha nthawi yomweyo ndi nambala ya chilolezo yotchedwa PAC, imene imagwira ntchito kwa masiku 30, pamodzi ndi kufotokoza ndalama zimene munthuyo adzalipire ngati akuchoka kontrakiti isanathe. Akapereka PAC ija ku kampani yatsopano, nambala iyenera kusamuka pofika tsiku logwira ntchito lotsatira, ndipo laini yakale imatsekeka yokha popanda kupita kukagwada kwa wina aliyense. Akaisunga PAC ija osaigwiritsa ntchito, imangotha mphamvu ndipo palibe chimasintha. Wofuna kungodziwa kuchuluka kwa ngongole yake asanaganize zochoka amatumiza mawu akuti INFO ku 85075. Palibe paliponse m'dongosolo limeneli pamene pakunena kuti kontrakiti iyambe yatha. Ndinatumiza uthengawo nditakhala pabenchi panja pa shopu yomweyo, ndipo yankho linabwera kuchokera ku kampani yomweyo imene wantchito wake anali atangondiuza kuti n'zosatheka.

Pano ndinene momveka kuti sindikukana ngongole. Ndinasaina ndekha, ndipo uthenga wa PAC unandionetsa chindapusa chochokera msanga, chomwe kwenikweni ndi ndalama za miyezi yotsala, ndipo chinali choluma ndithu. Amene anatenga foni pa ngongole yolekana ndi ya laini adziwenso kuti ngongole ya foniyo imawatsatira kulikonse kumene apite. Zimenezi n'zomveka, ndipo munthu wamkulu amawerengera yekha ngati kuli bwino kulipira chindapusa lero kapena kupirira mpaka kontrakiti ithe. Chimene ndikukana ndi kusakaniza dala nkhani ziwiri zosiyana. Ngongole ndi nkhani ya ndalama, ndipo kampani ili ndi njira zake zotolerera ndalama zake. Nambala ndi nkhani ina. Kuigwira ngati chikole kuli ngati mwininyumba kukuuza kuti ukasamuka lendi isanathe, dzina lako litsale m'nyumbamo kuti alipereke kwa wolowa pambuyo pako.

Mwina mnyamata uja, amene anabadwira kuno ndipo abale ake onse ali mtunda wa basi imodzi, sakudziwa kulemera kwa nambala kwa munthu wobwera. Nambala yanga ndi imene banki imatumizako manambala achinsinsi ndisanatumize ndalama kumudzi. Ndi imene ali nayo adokotala, sukulu ya mwana wanga, bwana wanga wapano ndi mabwana akale amene amafunsidwa za mbiri yanga ndikamafuna ntchito ina. Ndi imene ili pa akaunti yanga ya ku UKVI, nthambi ya boma yoona za anthu olowa m'dziko, akaunti imene masiku ano ndiyo umboni wakuti ndili m'dziko muno movomerezeka. Ndi imene mayi anga ku Ntcheu anailemba ndi bolopeni kuchikuto cha buku lawo la nyimbo, ndipo akafuna kundipeza amapereka bukulo kwa mdzukulu kuti awaimbire pa WhatsApp. Munthu amene akukuopseza kuti akulanda nambala akukuopseza ndi zonsezi pamodzi, ndipo akudziwa bwino kuti ambiri sangayerekeze kuyesa ngati akunena zoona. Ndicho chifukwa chake sindikuvomereza kuti kumeneku kunali kulakwitsa wamba kwa wantchito watsopano. Kulakwitsa kumene nthawi zonse kumathera m'thumba la kampani n'kulakwitsa kwamwayi kwambiri.

Ife ochokera ku Malawi ndiye nyama yosavuta kugwira pa nkhani imeneyi, chifukwa tinakula tikudziwa kuti nambala yoyamba ndi 088 ndi ya TNM ndipo yoyamba ndi 099 ndi ya Airtel. Tinazolowera kuti wofuna netiweki ina amagula simu khadi ina ndi nambala ina, n'chifukwa chake ambirife timayenda ndi foni yolowa makhadi awiri. Munthu wa maganizo amenewo akauzidwa kuti nambala ndi ya kampani, amangogwedeza mutu n'kuthokoza. Kuno manambala oyambirira sanenanso chilichonse chodalirika za netiweki imene munthu ali, popeza anthu akhala akusamuka ndi manambala awo kwa zaka zambiri.

Ndipo kontrakiti imene amatiopseza nayoyi, iwo eni ake amailemekeza bwanji? Mu 2023 makampani angapo akuluakulu anakweza mitengo pakati pa kontrakiti potengera kukwera kwa mitengo ya zinthu ndi kuwonjezerapo 3.9 peresenti yawo, kotero kuti ena anakweza ndi 14.4 peresenti, ena mpaka 17.3 peresenti. Kasitomala wofuna kuthawa mtengo watsopanowo ankauzidwa kuti alipire chindapusa, chifukwa kukwezako kunalembedwa kale m'timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa pepala. Zinatengera Ofcom kulowererapo, ndipo kuyambira pa 17 January 2025 kontrakiti yatsopano iyenera kunena m'mapaundi ndi mapeni kuti mtengo udzakwera ndi zingati. Zinatengeranso Ofcom yomweyo kuletsa, mu December 2021, kugulitsa mafoni okhomedwa kuti azigwira pa netiweki imodzi yokha. Zikuoneka kuti khomo lililonse limene bungweli latsegula, ena amafunafuna lina loti atseke, ndipo khomo la pakamwa pa wogulitsa m'shopu ndilo losavuta kutseka chifukwa mawu olankhula sasiya umboni.

Ndakapereka dandaulo langa ku kampaniyo molemba, ndipo ikapanda kundiyankha mogwira mtima ndipita nalo ku bungwe loweruza madandaulo otere, kaya Communications Ombudsman kaya CISAS, malinga ndi kumene kampaniyo inalembetsa, popeza kumeneko munthu salipira kanthu. Ofcom siweruza dandaulo la munthu mmodzi, koma imalandira madandaulo ndi kuwawerenga, ndipo akachuluka pa kampani imodzi ili ndi mphamvu yofufuza ndi kupereka chilango.

Pempho langa ndi ili. Ofcom ilamule kuti m'shopu iliyonse ya mafoni mukhale chikwangwani choonekera cholembedwa manambala a 65075 ndi 85075, ndipo izitumiza anthu ake m'mashopumo ngati makasitomala wamba kuti akamve okha zimene tikuuzidwa. Atsogoleri a magulu a Amalawi ndi a mipingo yathu ku Leeds, Manchester ndi London, amene sachedwa kufalitsa uthenga wa zopereka za maliro, afalitsenso manambala awiriwa kwa onse obwera kumene. Ndipo wina akauzidwa bodza lomweli, apemphe kuti amulembere papepala ndi kusainira.

Wowerenga wanu wokhumudwa,
Leeds, England