Kulanda zida za mdani si kuba, koma pali malire

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa zomwe anthu amakonda kunena akaona chithunzi cha msilikali atakoleka m'khosi magalasi oonera patali omwe walanda kwa mdani. Amati ameneyo ndi mbala. Ine ndikukana.

Pangano la ku Hague la 1907 limalola gulu lankhondo kutenga zida za boma lomwe likumenyana nalo. Ndipo pa zida zonse, magalasi ndi kamera ndizo sizivuta kusintha mwini. Mfuti yolanda imafuna zipolopolo zakezake, zikatha yasanduka chibonga. Koma magalasi umangopukuta fumbi ndi malaya, n'kupotokola kagudumu kapakati mpaka phiri lioneke bwino, basi ayamba kukugwirira ntchito.

Tisaiwale kuti nkhondo ya 1914 isanayambe, magalasi apamwamba ankachokera ku Jena, m'dziko la Germany, kumakampani a Carl Zeiss ndi Schott. Nkhondo itabuka, Britain inasowa pogwira, moti Lord Roberts, mkulu wakale wa asilikali a dzikolo, anachita kupempha anthu wamba kuti abwereke asilikali magalasi awo. Mu 1915 Angerezi anafika pokambirana ndi adani awo omwewo, kudzera ku Switzerland, zosinthana magalasi ndi labala! Nanga msilikali wopeza magalasi a Zeiss m'ngalande ya mdani akanaisiyiranji? Nawonso a Soviet Union, nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, sanalimbane n'kutola kamera imodziimodzi: anasamutsira ku Kiev makina opangira kamera za Contax.

Pomwe ndimasiyana ndi okonda kutamanda zolandazi ndi apa. Chida cholandidwa chimakhala cha boma, osati cha msilikali amene wachitola, ngakhale kuti kamera za Leica zambirimbiri zinathera m'zikwama za asilikali obwerera kwawo. Komanso ndime 18 ya Pangano lachitatu la ku Geneva la 1949 imati mkaidi wa pankhondo asalandidwe katundu wakewake, kupatula zida, akavalo ndi zikalata za usilikali. Ngakhale chisoti chachitsulo amayenera kumusiyira.

Choncho magalasi odindidwa chizindikiro cha gulu lankhondo, tengani mukapereke kwa akuluakulu. Koma kamera yomwe munthu anagula ndi malipiro ake, filimu ya m'katimo muli nkhope za mkazi ndi ana ake, mukamuvula m'khosi atakweza kale manja, pamenepo ndiye mwabadi.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda mbiri yakale