Manambala a kusukulu akungokwera ku Lilongwe, otsika kulibe

Akonzi,

Ndiloleni nanenso ndiyikepo mlomo pa nkhani yomwe yatchuka masiku anoyi yoti malikisi a ana, kaundula ndi zonse za kusukulu zizisungidwa pa kompyuta ndi pa foni. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale ku sukulu ya kumudzi, ndipo poti ndili ndi foni ya tachi komanso ndimakhwatchako Excel pang'ono, ntchito zonse za mafomu ahedi amangondikankhira ine, nde ndikamayankhula apa sikuti ndikudana nazo zamakonozi ayi, ndimazigwira ndi manja angawa. Dandaulo langa ndi limodzi basi. Manambala timatolera ife, timatumiza ife, amakwera ku zoni, kuchoka apo ku boma, mpaka ku Capital Hill, koma palibe chimene chimatsika kubwerera m'kalasi muja momwe anachokera kuti chindithandize ine kuphunzitsa bwino mawa m'mawa.

Zabwino zilipo, ndisaname. Pamene MANEB inayamba kulembetsa ana a mayeso pa intaneti ndi kulandira fizi kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba, inatseka chibowo chachikulu kwambiri. Kale ndalama zinkadutsa m'manja mwa anthu pa sukulu, ndipo sikamodzi kokha tinawerenga m'nyuzi kuti ana afika tsiku la mayeso dzina kulibe chifukwa wina anadya fizi. Kholo likalipira lokha n'kukhala ndi uthenga wa pa foni ngati umboni, wakuba uja alibenso polowera. Apa ndiye makono anagwira ntchito yake ndipo ndikuwomba m'manja.

Koma taonani mbali inayi. Chaka chilichonse kumabwera kalembera wa sukulu, uja amati EMIS, timadzaza ana angati Sitandade 1 mpaka 8, anyamata angati atsikana angati, obwereza angati, osiya sukulu angati ndi chifukwa chake, kaya ndi mimba kaya ndi ukwati kaya ndi ganyu, zimbudzi zingati, madesiki angati, mabuku angati. Zofunika ndithu, boma silingagawe aphunzitsi osadziwa kuti ana ali kuti. Ukangomaliza zimenezo, pa gulu la WhatsApp la zoni pabwera uthenga usiku kuti mawa pofika 10 koloko titumize chiwerengero cha atsikana a Sitandade 5 mpaka 8. Mawa lake bungwe lina lomwe likuthandiza pa sukulu likufuna manambala omwewo koma pa fomu yawoyawo, mkuja a phala nawonso akufuna awo. Manambala ake ndi omwewo! Ana ake ndi omwewo sanasinthe. Nde ngati zinthu zili mu kompyuta monga tikuuzidwira, bwanji osangotsegula kompyutayo n'kuona, mmalo moti ine ndisiye ana 120 akusokosera m'kalasi n'kukaima pa chulu kuseri kwa bwalo la mpira kusaka netiweki? Ndipo bandulo yake ndi ya m'thumba mwanga, kutchaja foni ndi pa tauni poti ESCOM kwathu kuno sinafike, zimenezo sizilembedwa pa fomu iliyonse.

Tsono ndifike pa mutu weniweni, nkhani ya kuyesa ana. Chiyambireni silabasi ya PCAR timauzidwa kuti mwana aziyesedwa pafupipafupi, osadikira mayeso a kumapeto kwa teremu. Mfundo yabwino zedi. Koma chimene chimalowa m'buku la malikisi ndi nambala chabe, 4 pa 10, ndipo mukachotsa nambala imeneyo m'buku n'kuyiika mu kompyuta ikhalabe 4 pa 10, siiyankhula. Ine ndikamachonga makope a masamu a Sitandade 4 ndimaona zina zomwe nambala siinena. Ndapereka 52 kuchotsa 27, ana ambirimbiri alemba 35. Sikuti angolota, ayi, ali ndi njira yawo: aona 2 pamwamba 7 pansi, ati aa 2 kuchotsa 7 sizitheka, atembenuza 7 kuchotsa 2 apeza 5, kenako 5 kuchotsa 2 apeza 3, basi 35. Mwana ameneyo vuto lake ndi limodzi, kubwereka, ndipo ndikakhala naye ndi timitolo ta timitengo masiku ochepa zimatheka. Mnzake walemba 79 chifukwa waphatikiza, sanaone n'komwe chizindikiro, mwina maso, mwina amakhala kumbuyo kwenikweni pansi pa fumbi bolodi saliona. Wachitatu sanalembe kanthu chifukwa anajomba masabata awiri kunyumba kunali matenda. Onse atatu m'buku alembedwa kuti alakwa, ndipo ku Lilongwe adzafika ngati peresenti imodzi ya ana osakhoza masamu.

Apa m'pamene ndimafuna makina andithandize. Ine ndekha ndi cholembera chofiira sindingathe kusanthula makope 120 funso ndi funso, ndikhoza kuchita Lachisanu limodzi koma osati sabata iliyonse, ndili ndi masikimu, malesoni pulani, komanso maphunziro ena onse ondidikira. Kompyuta ntchito imeneyi ndi yake, siitopa. Ngati pulogalamu ikundipempha kuti ndilowetse malikisi, indibwezere kanthu tsiku lomwelo, indiuze kuti ana awa ndi awa akugwa pa kubwereka, awa akukakamira pa maphatikizo ngati nkhwa, mphwa ndi ng'o, awa ajomba kopitirira. Ikangolandira n'kunena kuti zatumizidwa bwino, ndiye kuti yangondisandutsa kalaliki wa ulere.

Matabuleti a BEFIT aja, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga ndi masamu, amene anayamba mu 2023 m'sukulu 500 ndipo cholinga n'choti afike m'sukulu zonse za boma za pulayimale kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, ndi chitsanzo chabwino cha zimene ndikunenazi. Amatchajidwa ndi sola, mwana safuna intaneti kuti aphunzirepo, pulogalamu yake ya bungwe la onebillion imayankhula Chichewa, ndipo imayamba yamuyesa kaye mwana kenako n'kumupatsa ntchito yolingana ndi pamene ali. Ndiye kuti kachipangizo kameneka kamazindikira pomwe mwana akupunthwa. Funso langa kwa eni ake a pulogalamuyi ndi a Unduna ndi loti nzeru imeneyo ikuthera kuti? Ikangothera mu tabuleti ndi m'malipoti a ku likulu, mphunzitsi wa kalasiyo n'kukhala wongogawa mahedifoni ndi kutolera, tataya theka la phindu. Mphunzitsi apatsidwe ngakhale kapepala kamodzi pa mwezi, kolembedwa m'mawu osavuta, koti kalasi yanu yavutika apa ndi apa.

Chimodzimodzi mayeso a Sitandade 8. Zotsatira zikatuluka tonse timathamangira mndandanda, wakhoza ndani, walakwa ndani, wasankhidwa ndani ku nashonolo, ku boding'i ya boma, ku CDSS. Makolo akondwera kapena atitukwana, ahedi ayitanidwa kukafotokoza, basi chaka chatha. Koma mapepala aja anachongedwa funso lililonse palokha. Bwanji sukulu iliyonse osalandira tsamba loonetsa kuti pa masamu ana anu anagwa pa mafulakishoni, pa Chingerezi anagwa pa kumvetsa nkhani, pa sayansi anachita bwino kuposa anzawo a m'zoni? Mphunzitsi wa Sitandade 6 ndi 7 ndi amene akufunika kumva zimenezo, chifukwa pofika Sitandade 8 madzi afika kale m'khosi. Pano timangoti chaka chino tilimbikire, tiwonjezere moko, ana azibwera 6 koloko m'mawa, osadziwa kuti pakudontha ndi pati.

A zaumoyo anatiposa kalekale pa nkhani imeneyi, opanda ndi kompyuta yomwe. Mayi akapita ndi mwana ku sikelo, mlangizi amamuyeza, kulemba m'buku la mwanayo, n'kumuuza mayiyo pompo kuti mzere ukutsika uwu muziwonjezera nsinjiro m'phala, ndipo bukulo mayi amabwerera nalo kunyumba, akasamukira boma lina amapita nalo. Manambala ku ofesi amapitanso, koma mwini mwana wayamba ndi iye kumva. Kusukulu kuno mwana akabwera pa transifa amabwera ndi kakalata kodindidwa koti ali Sitandade 5, basi. Kaya amawerenga kaya sawerenga, kaya anabwerezapo kangati, ndidzazindikira ndekha teremu ikutha.

N'chifukwa chake ine ndimati tisanagule malaputopu ambirimbiri tiyambe ndi chinthu chotopetsa koma chofunika, mwana aliyense akhale ndi nambala yake imodzi kuyambira tsiku loyamba Sitandade 1 mpaka Folomu 4. Mu 2017 dziko lino linatha kulembetsa akuluakulu mamiliyoni ndi kuwapatsa ziphaso za NRB m'miyezi yochepa, nde za ana asukulu zingatikanike? Pano kaundula wathu amadalira kwambiri dzina, ndipo maina kuno mukuwadziwa, kalasi imodzi a Chisomo atatu onse a Banda, wina chaka chino akulemba dzina la bambo chaka chamawa la agogo chifukwa makolo anasiyana, wina tsiku lobadwa likusintha fomu iliyonse. Mwana akachoka kupita kwa azakhali ku Balaka, kuno timulemba kuti wasiya sukulu, uko amulemba watsopano, nde dziko likuwerenga mwana mmodzi ngati wosiya komanso ngati wolowa. Ndipo tisabisane, poti zinthu zambiri zimagawidwa potengera chiwerengero, chiyeso chokweza manambala pang'ono chimakhalapo. Kompyuta ukayipatsa bodza imalisunga bwinobwino n'kulijambulira girafu yokongola.

Za kusunga zinthu nazonso. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa sukulu zambiri kum'mwera ndipo zina zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, mukuganiza kuti marejisitala ndi mabuku a malikisi amene anali m'makabati a sukulu zimenezo anapulumuka onse? Ngakhale popanda namondwe, chiswe chokha chimatimalizira mabuku mu ofesi. Nde zoona, kusunga pa makina n'kofunika. Koma laputopu imodzi yokhala kunyumba kwa ahedi si kusunga ayi. Ndinaonapo pa sukulu ina malikisi a chaka chonse atapita chifukwa fulashi inalowa vayirasi kokapulintitsa pa tauni, ndipo amene ankadziwa pasiwedi ya laputopu anali atapita pa transifa. Pulogalamu yoyenera kuno ndi yoti igwire ntchito popanda netiweki, pa foni wamba yotchipa, izikatumiza yokha ukafika pomwe pali netiweki, ndipo makampani a foni agwirizane ndi Unduna kuti isamadye bandulo ya mphunzitsi. Ma TDC, malo aja okumanirako aphunzitsi pa maphunziro, alipo kale m'zoni zonse, a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, alipo, bwanji osaika pamenepo sola, pulinta ndi munthu mmodzi wodziwa kukonza zinthu zikavuta, mmalo mwa maphunziro a masiku awiri ku hotela komwe amapita ndi ahedi okha n'kubwerako ndi alawansi ndi kabuku?

Chinanso chimene sitikuchilabadira n'chinsinsi cha ana. Tonse tikukumbuka Novembala 2020 mayeso a MSCE ataimitsidwa chifukwa likasa linafalikira pa mafoni, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Foni imafalitsa chinthu m'kamphindi, ilibe kuti ichi n'chabwino ichi n'choipa. Pano m'magulu a WhatsApp a aphunzitsi mukuyenda zithunzi za mafomu okhala ndi maina a ana, uyu ndi wamasiye, uyu ali ndi ulumali, uyu anasiya chifukwa cha mimba, ndipo m'gulumo muli anthu ena oti anapuma ntchito kalekale, mafoni ake ndi omwe ana athu kunyumba amaseweretsa madzulo. Lamulo loteteza mbiri za anthu linakhazikitsidwa mu 2024, koma ndani anabwera kudzatiuza ife a choko kuti likutanthauza chiyani pa rejisitala ya kalasi? Pa mudzi nkhani ya mtsikana mmodzi ikangotuluka, ameneyo sabwereranso kusukulu ngakhale malamulo akumulola kubwerera akabereka.

Ena adzati aphunzitsi ndinu odandaula, mukuopa kuti kompyuta ikuyalutsani. Mwina alipo otero, ulesi uli paliponse. Koma manambala akamagwiritsidwa ntchito pongokalipira anthu, anthu amaphunzira kuwakonza. Mukayika sukulu pa mndandanda kuti iyi nambala wani iyi yomaliza osayang'ana kuti kwinako mphunzitsi mmodzi ali ndi ana 50 kwinako 150 pansi pa mtengo, zotsatira zake ndi zoti ana ofooka azibwezedwa Sitandade 7 kuti asakaipitse peresenti ya Sitandade 8, ndipo ena mwa iwo akabwereza kawiri amangosiya. Chiyambireni sukulu yaulere mu 1994 vuto lathu lakhala kuchuluka kwa ana m'kalasi, ndipo pulogalamu iliyonse yopangidwa ndi munthu amene akuganiza za kalasi ya ana 30 ikafika kuno imafa teremu yoyamba. Tangowerengani nokha, ana 120, maphunziro onse aja, kuyesa kangapo pa teremu, zonsezo kutayipa ndi chala chimodzi pa foni yosweka galasi.

Nde pempho langa kwa a Unduna wa Maphunziro ndi mabungwe amene akubweretsa zipangizozi ndi ili. Musanatipatse fomu ina yatsopano, kaya ya pepala kaya ya pa foni, tiuzeni fomu yakale imene ikuchotsedwa, komanso chimene ine wa m'kalasi ndizilandira ndikadzaza. Sankhani zoni imodzi ya kumudzi kwenikweni, osati ya m'mbali mwa tala, muyese kwa chaka chathunthu ndi aphunzitsi eni ake atakhala nawo pa tebulo popanga pulogalamuyo, dzinja lidutse misewu itaduka ndi sola itachepa mphamvu, kenako muwafunse ngati akufuna kupitiriza. Ndipo wina atiyankheko poyera kudzera m'nyuzi yomwe ino kuti bandulo yotumizira manambala a boma amayenera kugula ndani.

Mphunzitsi wa Sitandade 4,
Ntcheu