Zipika zosasenda zimakwatitsa matenda a mitengo

Akonzi,

Tiloleni tichenjeze anzathu opala matabwa ku Glen View ndi ku Mbare mumzinda wa Harare, amene amalandira zipika ndi mapaleti (timathandala ta matabwa tosanjikapo katundu) akunja makungwa ali pomwepo.

Mitengo ya elm pafupifupi 25 miliyoni inauma ku Britain kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anaipha ndi fangasi (kachamoyo ka gulu la nkhungu ndi bowa) wotchedwa Ophiostoma novo-ulmi, amene analowa m'dzikolo pa zipika zosasenda zochokera ku Canada.

Fangasiyu alipo wamitundu iwiri, A ndi B. Mtundu umodzi ukakhala wokha umangochulukana ndi timbewu tofanana ndi kholo. Tizilombo ta Scolytus tikamaboola khungwa la mtengo wofooka kuti tiikire mazira, timalowa ndi timbewu tomatirira pathupi. A ndi B akakumana m'tinjira tokumba mphutsi, amapanga kabotolo kakuda ka khosi lalitali, kosakwana ndi milimita imodzi yomwe. M'katimo muli timatumba ta timbewu 8 kalikonse. Timatumbato timasungunuka msanga, timbewu n'kukwera khosi lija, n'kuunjikana kunsonga ngati dontho la ulimbo. Kachilombo katsopano potuluka kamadzola dontholo n'kukalisiya pa nthambi ya mtengo wabwino pamene kakukadya. Christine Buisman wa ku Netherlands anafotokoza kubereka kotereku mu 1932, pa mbale wake wakale wa fangasiyu, Ophiostoma ulmi.

Ambiri saona vuto lake. Fangasi wa kholo limodzi amafooka ndi mavairasi ake, chifukwa thupi lake ndi longa ulusi, ndipo ulusiwo ukalumikizana amapatsirana mosavuta. Koma timbewu tobadwa kwa A ndi B kawirikawiri timatuluka topanda mavairasiwo, ndipo anawo amasiyana chibadwa moti ulusi wawo umakanana. Kumadera ena a ku Ulaya novo-ulmi ankafika ali B yekhayekha, kenako anatenga chibadwa cha A kwa ulmi, mavairasi aja n'kuchepa mphamvu. Choncho wonena kuti matenda akalowa palibenso chifukwa cholondera malire akulakwa: katundu wachiwiri ndiye angabweretse mkwati, mtundu wina uja umene unkasowa.

Elm si mtengo wathu, inde. Koma abale a fangasiyu ndi amene amadetsa matabwa a paini ndi mawanga obiriwira modera, ndipo minda ya paini ku Manicaland, chigawo cha kum'mawa kwa Zimbabwe, ikudyetsa mabanja ambiri.

Paleti yakunja ikhale ndi chidindo cha IPPC, pangano la mayiko loteteza zomera. Zilembo HT pachidindocho zikutanthauza kuti pakati pa thabwa panatenthedwa kufika madigiri 56 a Celsius kwa mphindi 30. Chipika chilichonse chisendedwe tsiku lomwe chafika, makungwa atenthedwe pomwepo, asaunjikidwe kuseri kwa shedi.

Ife,
Ogwira ntchito za nkhalango,
Harare