Kwa iwe amene wayamba kulemba ma lesoni a Holocaust ku Joni

Mwana wanga,

Ntchito wayipezayo ndasangalala nayo kwabasi, ngakhale azakhali ako mpaka pano sakumvetsa kuti munthu amalipidwa bwanji polemba ma lesoni a mu museum, iwo amaona ngati kumeneko ntchito ndi yopukuta magalasi basi. Ine choko ndachigwira mpaka kupuma ndiye ndikudziwa kuti wolemba zoti ana aphunzire ndi amene wagwira kalasi, ngakhale mkalasimo sadzapondamo. Ndiye undimvere pang'ono, zina uzitenga zina uzisiya.

Wanena kuti ambiri obwera ndi ana a giredi 9, popeza ku South Africa nkhani ya Holocaust, kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni ndi boma la Hitler, ili mu silabasi kuyambira 2007. Amenewo ndi ana a zaka 14, 15, ndipo amabwera pa basi ali ndi phokoso, ena sanadye, ena maso ali pa foni. Chiyeso chako chikhala chofuna kuwakhalitsa chete msanga, ndiye uyambire pa Auschwitz, msasa waukulu wophera anthu, anthu 1.1 miliyoni ophedwa pamalo amodzi, zithunzi za mitembo, utsi. Akhaladi chete. Koma mwana amene wachita mantha saganiza, amangoti anthu aja anali zilombo, ine sindingatero, nkukwera basi wopanda funso lililonse mumtima. Usayambire kumapeto.

Yambira 1933, pamene Ayuda ku Germany anali pafupifupi 500,000, osafika ngakhale mmodzi pa anthu 100 aliwonse, ambiri a iwo akudziona kuti ndi Ajeremani, ena anamenyera dzikolo nkhondo ya 1914. Hitler walowa m'boma pa 30 January. Pa 1 April anyamata a chipani chake cha Nazi aima pamakomo a masitolo a Ayuda kuletsa anthu kugula. Sabata isanathe lamulo latuluka lochotsa Ayuda ntchito za boma. 1935 malamulo a Nuremberg, unzika walandidwa, kukwatirana ndi Mjeremani kwaletsedwa. October 1938 mapasipoti awo adindidwa chilembo J, ndipo kuyambira January 1939 mwamuna akukakamizidwa kuwonjezera dzina loti Israel, mkazi Sara. Pa chilichonse mwa izi panali munthu wa mu ofesi amene anatenga chidindo, nadinda, nkupita kunyumba kukadya. Ngakhale sitima zopita kumisasa yophera anthu zinali ndi bilu yake, a njanji ankalipiritsa mtengo wa tikiti pamutu pa munthu aliyense, ana theka la mtengo, ang'onoang'ono ulere. Panali kalaliki amene ankawerengera zimenezo. Ameneyo ndiye ndikufuna ana aja akumane naye mu lesoni yako, chifukwa mkalasi yako simudzatuluka Hitler, koma makalaliki, manesi, apolisi ndi aphunzitsi atulukamo ambiri.

Za aphunzitsizi zimandipweteka ine mwini. Pofika 1937 aphunzitsi 97 pa 100 aliwonse ku Germany anali atalowa bungwe la aphunzitsi la chipani cha Nazi. Pambuyo pa usiku wa 9 November 1938 umene masunagoge anatenthedwa, ana achiyuda anachotsedwa m'masukulu a boma, ndiye taganiza, panali mphunzitsi amene m'mawa anaitana rejisitala nkudumpha mayina ena, ndipo mnzake wa pa desiki anangosendeza mabuku ake. Ukamalemba buku la aphunzitsi operekeza ana aja usawabisire zimenezi, nawonso abwera kudzaphunzira ngakhale amaima kumbuyo atapinda manja.

Zithunzi usamale nazo. Zambiri za m'maghetto (madera amene Ayuda anatsekeredwamo) ndi m'misasa anajambula ndi opha anthuwo, kuti awaonetse ngati si anthu, ndiye ukangoziika pa slide osanena anajambula ndani, wamuthandiza wojambulayo ntchito yake. Pa ana 1.5 miliyoni amene anaphedwa, sankha mmodzi wokhala ndi dzina ndi tauni yake, muonetse kaye ali pa njinga kapena pa ukwati wa mchemwali wake, nambala ya 6 miliyoni ibwere pambuyo. Komanso chonde zisudzo zija zoti theka la kalasi likhale Ayuda theka likhale asilikali, kapena kuwapanikiza pakona kuti amve mmene zinalili mu sitima, usalembe. A museum ya Holocaust ya ku Washington amalangiza aphunzitsi kuti asamachite, ndipo ine ndikugwirizana nawo, ana amangoseka, wina amasangalala kukhala msilikali, ndipo wina amatuluka akuganiza kuti tsopano wadziwa mmene zinkawawira pomwe sanadziwe kanthu.

Tsopano pali nkhani imene ikukhudza iweyo ngati Mmalawi woima pamaso pa ana a ku Joni. Iwo okha adzafanizira, usadzavutike kuwayambitsa. Wina adzati apatheid, wina adzati Rwanda, poti April 1994 yemweyo pamene iwo ankaima pamzere kuvotera Mandela, ku Rwanda Atutsi ankaphedwa pa ma rodibuloko, chitupa chikunena mtundu wa munthu. Wina wolimba mtima adzatchula May 2008, ziwawa zothamangitsa alendo zimene zinayambira ku Alexandra, anthu 62 ophedwa m'dziko lonse, kapena 2015 pamene boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu athu ku Durban. Ndikudziwa magazi ako adzathamanga pamenepo. Asiye alankhule, koma lesoni yako iwafunse ziwiri, chikufanana nchiyani, chikusiyana nchiyani. Apatheid inkafuna munthu wakuda akhale moyo kuti agwire ntchito mu mgodi ndi mu khitchini, a Nazi ankafuna Myuda aliyense, mpaka khanda, asapezekenso padziko. Zonse nzoipa koma si chinthu chimodzi, ndipo ukazithira mu poto mmodzi palibe imene ana aimvetse. Usalolenso mpikisano woti anavutika kwambiri ndani.

Ngati ukufuna nkhani ya kwawo komweko imene ili ya nthawi ya Hitler yeniyeni, ilipo. October 1936 sitima yapamadzi ya Stuttgart inafika ku Cape Town ndi Ayuda othawa oposa 500, ndipo kunali misonkhano yowakana, a Greyshirts (gulu lotsatira maganizo a Nazi) ndi maprofesa ena a ku Stellenbosch, mmodzi wa iwo Hendrik Verwoerd yemwe uja anadzatsogolera boma la apatheid. Chaka chotsatira lamulo la Aliens Act linatseka khomo. Mawu a owakanawo anali oti alendowa atilanda ntchito, achuluka. Apatse ana awerenge zimenezo, iwe usawonjezere kanthu, ena aiwo mawuwo anawamva dzulo mu taxi.

Ndipo usapite kumeneko ngati ife kuno ndife oyera ayi. A Mboni za Yehova m'misasa ya Nazi ankavekedwa kansalu kapepo ka makona atatu chifukwa chokana kuchitira Hitler sawatcha ndi kulowa usilikali. Kuno kwathu a Mboni omwewo analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, mu 1972 anamenyedwa, nyumba kutenthedwa, kuchotsedwa ntchito, zikwizikwi kuthawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique, ena anatsekeredwa ku Dzaleka, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Sinali Holocaust, usadzalembe choncho. Koma amene ankaloza nyumba zawo sanachokere kutali, anali a m'mudzi momwemo, ndipo ambiri ankangoyang'ana kumbali. Dzaleka yemweyo kuyambira 1994 ndi kampu ya othawa kwawo, a ku Rwanda, Burundi ndi Congo, ndipo wamva wekha mmene ena timawanenera akatsegula golosale m'tauni. Izi mwina sizilowa mu pepala la ana a ku Joni, koma zikhale mmutu mwako polemba, zikuthandiza kuti usalembe ngati woweruza.

Funso la Gaza lidzabwera, makamaka poti boma lawo linatengera Israel ku khoti la ku The Hague mu December 2023. Usadikire kuti likupeze uli wekha kutsogolo, khalani pansi ndi anzako mugwirizane kayankhidwe. Chimene ine ndingalembe mu buku la aphunzitsi nchoti mwana wachiyuda mkalasi si mneneri wa boma lililonse, mwana wachisilamu chimodzimodzi, ndipo wofunsa asakalipidwe.

Deti iliyonse uziitsimikiza kawiri, chifukwa alipo anthu pa intaneti amene ntchito yawo ndi kusaka kolakwika kamodzi kuti anene kuti zonse nzabodza. Ndipo maumboni a opulumuka aja usamaonere usiku uli wekha mchipinda, mayi ako akuti mawu ako pa foni asintha. Uzipita ku tchalitchi, uzidya ndi anthu. Permit yako uyambe kuikonza isanatsale pang'ono kutha. Lesoni yoyamba ukamaliza unditumizire pa WhatsApp, koma zilembo zikhale zikuluzikulu, ndikufuna ndione mafunso amene waika kumapeto.

Ndine,
Bambo ako