Chilolezo chofolera khonde chisavute ngati cha nyumba yosanja

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani yooneka yaing'ono koma yokhudza mabanja ambiri mumzinda uno wa Blantyre, ya chilolezo chimene munthu amayenera kutenga ku khonsolo asanaike denga pakhonde la nyumba yake.

Ambirife timayesa kuti chilolezo chimafunika pomanga nyumba yatsopano pokha, ndipo kuti kuimika mizati inayi n'kufolera malata kutsogolo kapena kuseri kwa nyumba ndi za mwininyumba ndi mmisiri wake basi. Komatu lamulo la Physical Planning Act la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988, limafuna kuti womanga kapena wowonjezera nyumba mumzinda ayambe wapempha chilolezo, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu zolamula kuti chomangidwa popanda chilolezo chigwetsedwe. Wotsata ndondomeko amajambulitsa pulani yoonetsa nyumba, malire a poloti ndi chimene akufuna kuwonjezeracho, amaphatikizapo mapepala otsimikiza kuti malowo ndi ake, amalipira ndalama yoti pulaniyo iunikidwe, kenako amadikira komiti yoona za mapulani. Wochita lendi, monga amene ali m'nyumba za Malawi Housing Corporation ku Nkolokosa, Chitawira ndi Kanjedza, ayeneranso kuyamba wagwirizana ndi eni nyumbayo.

Ine lamuloli ndikugwirizana nalo, ndipo chifukwa changa chachikulu ndi mphepo. Denga la khonde lilibe makoma olitchinjiriza, choncho mphepo ya mkuntho imalowa pansi pake n'kulikankhira m'mwamba. Ngati mizati idangokumbiridwa pang'ono popanda konkire, kapena ngati malata adakhomedwa ndi misomali yochepa pamatabwa owonda, dengalo limasasuka. Choopsa kwambiri n'chakuti amisiri ena, pofuna kupulumutsa matabwa, amalumikiza denga la khonde ku mapaso a nyumba yeniyeniyo, ndiye likamanyamuka limakoka ndi denga la chipinda chimene ana agona. Lata louluka silisankha pogwera, ndipo nthawi zina wovulala amakhala wa nyumba yoyandikana, amene sadafunsidwe n'komwe pamene khondelo linkamangidwa.

Chachiwiri ndi madzi. Denga la mamita anayi m'lifupi ndi asanu m'litali, mvula ya mamilimita 50 ikagwa, limatsitsa malita 1,000, omwe ndi zigubu 50 za malita 20. Madzi amenewa kale ankamwerera m'nthaka, koma tsopano amagwera malo amodzi n'kuyamba kufuna njira. Mzinda wathu udamangidwa m'zitunda ndi m'mphepete mwa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe, kotero madzi ochoka pakhonde la wakumtunda amakathera pamaziko a nyumba ya wakumunsi. Namondwe Freddy, yemwe adapha anthu ambiri ku Chilobwe ndi madera ena mu Malichi 2023, adationetsa zimene madzi amachita pamalo otsetsereka. Sindikunena kuti makonde ndiwo adadzetsa tsoka lija, koma wokhala mumzinda uno sangaonenso nkhani ya kumene madzi a padenga akupita ngati yachibwana. Palinso ena amene amaimika mzati pamwamba pa paipi ya Blantyre Water Board, kapena kukweza malata pafupi ndi mawaya a ESCOM, zinthu zimene woyendera malo angazione ntchito isanayambe.

Dandaulo langa lili pa njira yake. Munthu wofuna mthunzi woti mayi ake okalamba azikhalapo masana, kapena poti aziphikira pa mbaula nthawi ya dzinja, akamva kuti afune wojambula pulani, asonkhanitse mapepala, akwere minibasi kupita ku Civic Centre ku Chichiri, kenako adikire komiti, amangoitana wowotcherera zitsulo Loweruka m'mawa, pofika Lolemba khonde latha. Sikuti ndi wamwano, koma kuti njirayo ndi yolemera kuposa ntchito imene akufuna kugwira. Zikatero, lamulo labwino lija silitetezanso aliyense.

Ndikupempha khonsolo ya mzinda wa Blantyre kuti ikonze njira yachidule ya ntchito zing'onozing'ono ngati izi. Akatswiri ake angathe kujambuliratu mapulani angapo a khonde, oonetsa kuzama kwa dzenje la mzati, kukula kwa matabwa kapena zitsulo, kakhomedwe ka malata, mtunda wosiya kuchokera pamalire ndi kolowera madzi, kuti munthu azingosankha yomukomera n'kudzaza fomu ya tsamba limodzi yolembedwa m'Chichewa. Mtengo wake ulembedwe poyera, pamodzi ndi masiku amene yankho liyenera kutuluka, kuti pasakhale mpata woti wina auze wopempha kuti "tingokuthandizani mwapadera".

Tisaiwalenso anthu a ku Mbayani, Ndirande, Bangwe ndi Chilobwe, amene ambiri mwa iwo malo adawapeza kudzera kwa mafumu ndipo alibe mapepala a lizi. Iwowa ndiwo akhala mothithikana kwambiri, ndiwonso ali pamalo otsetsereka, choncho malangizo a kamangidwe akuwafunika kuposa a ku Namiwawa kapena Nyambadwe. Mapulani ojambuliratu aja atafika kwa makhansala, mafumu ndi amisiri a m'maderawa, angathandize ngakhale amene nkhani ya mapepala a malo awo sinakonzedwe.

Mvula isanayambe mu Novembala, a khonsolo atiyankhe m'nyuzipepala yomweyi: wofuna kufolera khonde apite ku ofesi iti, atenge mapepala ati, alipire zingati, ndipo adikire masiku angati?

Wokhala ku Chilomoni,
Blantyre