Moto wa magetsi umaotcha ngakhale wosagwira waya

Mkonzi,

Ndagwira ntchito ya magetsi kuno ku Zomba mpaka kupuma, koma zomwe ndinaona pa chigayo china ku Chinamwali sabata yatha zandilembetsa kalata. Mnyamata wina anatsegula bokosi la three phase (magetsi amphamvu oyendetsa makina akuluakulu) osazimitsa magetsi, amayi atatu ndi ana awo atamuunjirira, matumba a chimanga ali pambali. Nditawapempha kuti asunthe, mayi wina anandiseka: "Iii bambo, ife tikugwira waya ngati?"

Ambiri timaganiza chomwecho. Komatu sipanala ikangogwera pakati pa mawaya a 400 volts, magetsi amalumpha mumpweya n'kuphulika ngati mphenzi. Pantchito timati arc flash. Kutentha kwake kumatha kufika 19,000°C, kopa amasanduka nthunzi, malaya a nayiloni n'kusungunukira pakhungu.

Mtunda woti anthu aime sitichita kulota, timawerengera. Buku la ku America la chitetezo pa ntchito ya magetsi, NFPA 70E, limaika malire pamene kutentha kwatsika kufika 1.2 cal/cm², mlingo womwe khungu limayamba kuchita matuza. Kawerengedwe kake kali m'buku lina, IEEE 1584, la 2002 lomwe analikonzanso mu 2018. Pamafunika kudziwa kuchuluka kwa magetsi omwe angathamangire pa shoti (thiransifoma ikakhala yaikulu komanso pafupi, amachuluka), mpata wa pakati pa mawaya, ndi nthawi yomwe fyuzi kapena breaker imatenga kuti idule.

Nthawiyi ndiyo imandisowetsa tulo. Fyuzi ikapsa, eni zigayo ena amangomangapo waya wokhuthala kuti makasitomala asathawire kwina. Ndikuwamvetsa, ndalama ikuvuta, koma waya wotere sudula msanga. Nthawi ikawirikiza kawiri, kutentha nako kumawirikiza kawiri, ndipo malire aja nawo amatalikirako. Pomwe dzulo munaima bwinobwino, lero pakhoza kukuotchani nkhope.

Ndikupempha a MERA, omwe amapereka ziphaso kwa amisiri, kuti bokosi lililonse la three phase lizikhala ndi chikwangwani chonena mtundawu m'Chichewa, ndipo pansi pazikhala mzere wa penti wofiira woti mwana aliyense auone. Amisiri anzanganu, zimitsani kaye, mukhome loko pa swichi, muyeze ndi tesita, kenako mutsegule chikwama cha zida.

Tsiku lija ndinalemba mzere pansi ndi khala. Ndinadutsanso dzulo, ufa unali utaufufuta kale.

Mmisiri wa magetsi wopuma,
Chinamwali, Zomba