Ana athu akusowa mabuku onena za nkhanza za kusukulu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene yandisowetsa tulo chibwerereni mwana wanga wamkazi ku tchuthi. Iye ali Fomu 2 pa sukulu ina yogonera komweko kuno ku Thyolo, ndipo anabwera ndi buku lachingerezi lobwereka kwa mnzake, lonena za mtsikana wa dziko lakutali amene anzake ankamunyoza mpaka anayamba kudzikana kuti afanane nawo. Analiwerenga kawiri. Nditamufunsa chimene chamukoka m'bukumo, anandiululira zimene anandibisira chaka chonse cha Fomu 1.

Zomuchapitsa zovala za akuluakulu ndi zomulanda shuga ndi chiponde anapirira, poti ana ongofika kumene amauzidwa kuti umenewo ndi mwambo wa pasukulu. Chimene chinamulasa mtima chinachitika tsiku limene agogo ake anapita kukamuona atanyamula makaka ndi kalongonda, n'kumulonjera mokweza m'Chilhomwe pamaso pa anzake. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kumuitana ndi dzina lachipongwe lija limene Alhomwe ankanyozedwa nalo kale, ndipo atamva kuti mayi ake amathyola tiyi ku esiteti, anawonjezera pomwepo. Mwana wanga anayamba kunama kuti makolo ake amagwira ntchito mu ofesi ku Limbe, ndipo anapempha agogo ake kuti asadzapitenso, ati ulendowo ndi wotopetsa kwa munthu wachikulire. Gogoyo anakhulupirira, mpaka anamuyamikira kuti ndi mwana woganizira akulu. Pamenepo ndi pamene pandiwawa kwambiri.

Dzina limenelo makolo athu analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940, pamene a Lewis Bandawe ndi anzawo anaumiriza boma la atsamunda kuti lisiye kuligwiritsa ntchito. Kuyambira 2008 timasonkhana pa Chonde ku Mulanje kuvina tchopa pa chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe. Komabe m'mahositelo, magetsi akazimitsidwa, dzinalo likadali ndi moyo.

Funso langa ndi ili: n'chifukwa chiyani mwana wa ku Thyolo anachita kudikira buku la kunja kuti apeze mawu ofotokozera bambo ake zimene zikumuchitikira? Sindikunyoza mabuku athu akale. Nthondo, limene a Samuel Josia Ntara analemba ndipo linatuluka mu 1933, ndi chuma chathu, koma mwana wa zaka 15 amene akuopa kulowa m'chipinda chodyera afunikanso nkhani imene angadzionemo lero. Ndikupempha a Malawi Writers Union, osindikiza mabuku, ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi kuti alimbikitse nkhani zazitali za achinyamata m'Chichewa, zochitikira m'sukulu zathu zomwezi, ndipo a National Library Service azifikitse m'malaibulale a m'maboma. Zisakhale nkhani zolalikira, zimene wozunza anzake amangolandira chilango pa tsamba lomaliza basi. Zionetse mmene mwana amayambira kuchita manyazi ndi kwawo pang'onopang'ono, komanso mmene wozunzidwa wa chaka chino amasandukira wozunza ana a Fomu 1 a chaka chamawa, chifukwa zimenezi n'zimene zikuchitika.

Aphunzitsi nawo asamangoti ana akusewera. Ndi ana angati amene amadziwa kuti atha kuimba ulere pa nambala ya 116 akamachitidwa nkhanza? Wanga sankadziwa.

Dzulo ndinamupeza pakhonde akufunsa agogo ake mayina a ndiwo m'Chilhomwe, uku akulemba kumapeto kwa kope lake la masamu. Wawauza kuti teremu ikubwerayi apitenso kukamuona, ndipo asaiwale kalongonda.

Kholo lokhudzidwa,
Luchenza, Thyolo